Dandaulo kwa kampani imene inandigulitsa nyumba ku Luwinga: mundifotokozere za VAT ya pa sola

Akuluakulu a kampani, ndalemba pano pa tsamba lanu chifukwa ndafika ku ofesi yanu katatu konse, ndipo ulendo uliwonse ndauzidwa kuti a zachuma atuluka, ndibwere mawa.

Pamene ndinkagula nyumba yatsopano imene munamanga ku Luwinga, tinagwirizana kuti mundiikire sola padenga, pakuti aliyense wokhala mu Mzuzu muno akudziwa mmene magetsi amathimirathimira, ndipo mayi anga amene ndimakhala nawo ali ndi mankhwala a shuga ofunika kukhala mufiriji usana ndi usiku. Ntchitoyo amisiri anu anaigwira bwino, ndipo ngakhale masiku a mitambo ndi mvula yowaza mabatire akumadzaza ndithu. Chimene chikundisowetsa mtendere ndi invoisi imene munandipatsa.

Pa invoisiyo mapanelo, mabatire, inveta, mawaya, zitsulo zomangira padenga ndi malipiro a amisiri mwaziunjika pa mzere umodzi, kenaka pansi pake mwawonjezera VAT ya 16.5 peresenti pa ndalama yonseyo. Komatu mu bajeti ya 2019/20, imene inawerengedwa m'Nyumba ya Malamulo ndi nduna ya zachuma a Joseph Mwanamvekha, boma linaika mapanelo, mabatire ndi ma inveta a sola pa mlingo wa ziro, kutanthauza VAT ya 0 peresenti, pofuna kuti anthu ambiri akwanitse kugula zipangizozi. Kuti ntchito yoika zipangizo ikhale ndi msonkho wake, ine sindikukana. Koma mtengo waukulu wa sola uli pa mapanelo ndi mabatire, ndiye pa miliyoni iliyonse ya katundu ameneyu mwandilipiritsa K165,000 imene sindikuona maziko ake.

Mlembi wanu anandiyankha kuti inunso munalipira misonkho poitanitsa katunduyo, choncho simungaluze. Yankho limeneli silinandigwire mtima, chifukwa wamalonda wolembetsedwa ku VAT amaloledwa kuchotsera VAT imene analipira pogula katundu akamapereka malipoti ake ku MRA, ndipo kumeneko ndiye kusiyana kwa katundu wa pa mlingo wa ziro ndi katundu amene sali m'gulu la VAT n'komwe. Nditapempha lisiti la makina a EFD, amene amatulutsa malisiti ovomerezeka ndi MRA, anatsegula kabati ndi kunditulutsira kabuku ka malisiti olemba pamanja, kokhala ndi kaboni pakati, kopanda ngakhale TPIN ya kampani, nambala imene MRA imapereka kwa wokhoma msonkho. Pamenepo m'pamene nkhawa yanga inakula, popeza popanda lisiti lovomerezeka palibe chosonyeza kuti ndalama imene mukuitcha msonkhoyo inafikadi m'thumba la boma. Ndalama imeneyi ndi ya ngongole ya ku banki, ndipo ndikuibweza ndi chiwongoladzanja mwezi ndi mwezi.

Ndikupempha kuti mundilembere invoisi ina yoonetsa chinthu chilichonse pa mzere wakewake, mtengo wake ndi msonkho wake, pamodzi ndi lisiti lokhala ndi TPIN yanu, ndipo VAT imene munaika pa mapanelo, mabatire ndi inveta mundibwezere. Ngati pali lamulo limene linasintha nkhaniyi, munditchulire gawo lake m'kalata, ndidzaliwerenga ndi mtima wonse. Pakadutsa masiku 14 osamva kanthu, ndidzatenga invoisi ndi kalisiti ka pamanja kaja kupita nazo ku ofesi ya MRA kuno ku Mzuzu komanso ku Competition and Fair Trading Commission, bungwe loona za chilungamo pa malonda.