Mnzanga, za pulani yako ija

Mnzanga wokondedwa,

Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Ine ndili gwa, kungoti mphepo ya ku Jerusalem kuno yanding'amba milomo.

Kalata yako ndaiwerenga kawiri. Akuti pulani imene unachezera nayo usiku wonse, eni nyumba aipereka kwa wina kuti aikonze. Usakwiye, koma ndinaseka, chifukwa dzulo lake ndinali pa phiri la Givat Ram, panja pa Knesset, nyumba ya malamulo ya kuno, ndipo nkhani yake ndi yako yomweyo.

Anajambula nyumbayi ndi Joseph Klarwein. Anabadwira ku Warsaw mu 1893, luso n'kukalikulitsa ku Germany, mu ofesi ya katswiri wojambula nyumba Fritz Höger ku Hamburg. Tchalitchi cha njerwa cha pa Hohenzollernplatz ku Berlin muli dzanja lake. Hitler atatenga boma mu 1933, Myuda analibenso pake, mkuluyu n'kusamukira kuno, ku mzinda wa Haifa.

Mu 1957 anapambana mpikisano wojambula nyumba ya aphungu. Ndalama sinali nkhani, popeza mpondamatiki James de Rothschild anasiya chuma choti amangire. Vuto linali anzake a ntchito. Anamuukira kuti pulani yake ndi yachikale, mizati mbali zonse ngati kachisi wa Agiriki, yosayenera dziko latsopano. Akuluakulu anaitana ojambula nyumba ena, Dov Karmi ndi mwana wake Ram, kuti alowererepo, zam'kati n'kupatsa Dora Gad. Ganiza, munthu wa zaka zoposa 60 kuona ena akudula apa, kuwonjezera apo! Kukokanakokana kumeneku kunadya nthawi, moti nyumbayo anaitsegula pa 30 Ogasiti 1966. Zaka zonsezo aphungu 120 ankapanikizana mu Froumine House, pa msewu wa King George.

Ndinaima kaye kuyang'ana mizati ija. Ilipo ndithu, sanathe kuichotsa, ndipo kwa ine ndiyo ikupatsa nyumbayo ulemu. Alendo anzanga analibe nazo ntchito, onse anali kalikiliki kujambulitsa pa choikapo nyale chachikulu chamkuwa chimene chili moyang'anizana ndi geti. Klarwein anamwalira mu 1970, atangoiona ikugwira ntchito zaka zinayi.

Tsono pulani yako yoyamba ija usaing'ambe ndi mtima wapachala. Uijambule pa foni unditumizire, ndione chimene akuti chalakwikacho. Undiperekere moni kwa amayi, uwauze kuti mafuta a azitona aja sindinaiwale.

Ndine mnzako wa kalekale.