Musabwereke chipewa cha wowotcherera poyang'ana kadamsana

Akonzi,

Ndine mmisiri wowotcherera zitsulo ku Siyaso, ku Mbare kuno ku Harare. Wailesi ikangolengeza kuti kukubwera kadamsana wa dzuwa, anthu amafika pa shedi pathu kudzabwereka chipewa chowotcherera. Ine ndimakana, ndiye ena amapita akunditcha woumira.

Magalasi athuwa ali ndi manambala. Pa ntchito ya tsiku ndi tsiku ambiri timaika la 10 kapena 11, pomwe loyang'anira dzuwa mosaopa ndi la 14, ndipo lotere silipezeka wamba. Moto wowotcherera ukakuwalira, usiku umadzuka maso akuthetha ngati alowa mchenga, koma mawa kapena mkuja umachira. Dzuwa ndi lina. Limatentha mkati mwenimweni mwa diso momwe simumveka ululu, munthu n'kudzazindikira mochedwa kuti pakati pa chilichonse chomwe akuyang'ana pali kadontho, ndipo kwa ena sikachokanso. Magalasi akuda ogula pamsika, galasi lodetsa ndi mwaye wa kandulo, filimu ya X-ray, ngakhale beseni la madzi lomwe agogo ankatiuza, palibe chomwe chimateteza.

Sindikunena kuti ana azitsekeredwa m'nyumba ayi. Mu 2001 aphunzitsi ena oyandikana nawo nyumba, okonda za nyenyezi moti malipiro awo ankathera m'mabuku a zakuthambo, anandipempha kuti ndiwawotcherere chitsulo cha miyendo itatu choikapo mabainokyula. Iwo sankasuzumiramo. Ankangowalozetsa kudzuwa, chithunzi chake n'kumagwera pa katoni yoyera. Lachinayi pa 21 Juni ananditenga kupita kumpoto, cha ku Mount Darwin, poti mu Harare dzuwa linali loti litsalako kachidutswa. Ndinawafunsa kuti, “Aphunzitsi, kachidutswa kokhako n'kowonongera petulo?” Anangoseka.

Itangokwana 3 koloko masana kunazizira, kuwala kunachita mbuu, nkhuku za pamudzipo zinayamba kulowera kukhola. Kenaka mdima. Pomwe panali dzuwa panatsala chibowo chakuda bii, chozunguliridwa ndi kuwala koyera konga ubweya, ndipo amayi ena analuluta pomwe ena ankapemphera. Mphindi zochepa zimenezi, mwezi utaphimbiratu dzuwa lonse, ndi zokhazo zomwe munthu angayang'ane ndi maso okha. Aphunzitsi aja anali ndi wotchi m'manja, ndipo kuwala kutangothwanima m'mphepete anakuwa kuti tonse tizolike. Mthunzi womwewo unali utadutsa ku Lusaka, ndipo unakhudzanso kumapeto kwenikweni kwa chigawo chakummwera kwa Malawi. Wa pa 4 Disembala 2002 unadzera ku Plumtree ndi ku Beitbridge m'mamawa, koma umenewo ndinaumvera kwa anzanga.

Chandilembetsa kalatayi ndi kadamsana wa Lolemba pa 25 Novembala 2030. Mdima wathunthu udzadutsa ku Namibia, Botswana, South Africa ndi Lesotho m'mawa. Kuno dzuwa lidzangolumidwa mbali, kutanthauza kuti sipadzakhala mphindi ngakhale imodzi yoyang'ana popanda chotetezera. Lidzakhalanso tsiku la sukulu, nthawi ya mvula, ndipo mtambo wopyapyala umanamiza anthu kuti dzuwa lafooka.

Aphunzitsi ndi makomiti a sukulu ayambiretu kufunafuna magalasi enieni a kadamsana, olembedwa ISO 12312-2, ndipo okalika kapena obowoka atayidwe. Komwe kulibe ndalama, chipepala choboola ndi singano n'chokwanira: mwana afulatire dzuwa, aone chithunzi chake pansi. Ngakhale pansi pa mtengo wa mango, kuwala kodutsa m'masamba kumajambula timiyezi tambirimbiri pa dothi.

Inunso akonzi, mudzatisindikizire nthawi yoyambira ndi yothera ya Harare, Blantyre ndi Lilongwe kukadali mlungu wathunthu, osati m'mawa wa tsikulo.

Mmisiri wowotcherera,
Mbare, Harare