Matauni ang'onoang'ono tiwakonze lero asanatithawe

Akonzi,

Nkhani ya kuchuluka kwa anthu m'mizinda ikatuluka m'nyuzi, maina omveka amakhala anayi okha: Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ndi Zomba. Ndilemba kalatayi kupempha boma, makhonsolo ndi aphungu athu kuti atembenukeko, aone matauni amene akubwera pambuyo pa mizinda inayiyi, chifukwa kumeneko mpata wokonza zinthu ukadalipo.

Kalembera wa 2018, amene anachita a National Statistical Office, anapeza anthu 17,563,749 m'dziko muno, ndipo mwa anthu 100 alionse, 16 okha ndiwo anawerengedwa kuti ndi a m'tauni. Lilongwe inali ndi anthu 989,318, Blantyre 800,264, Mzuzu 221,272, pomwe Zomba inali ndi 105,013. Kuchoka apo chiwerengero chimatsika kwambiri. Karonga inali ndi anthu pafupifupi 62,000, Kasungu pafupifupi 59,000, Mangochi oposa 53,000. Salima, Liwonde ndi Balaka iliyonse inali ndi anthu oposa 36,000 pang'ono. Munthu akaona manambala amenewa amaganiza kuti matauni enawa ndi aang'ono, palibe chothamangira.

Maganizo amenewo ndiwo akundisowetsa mtendere. Pa kalembera wa 1966, Lilongwe inali ndi anthu osafika 20,000, pomwe Blantyre inali itadutsa kale 100,000. Likulu litasamuka kuchoka ku Zomba mu 1975, anthu anakhamukira ku Lilongwe moti pofika 1977 anali pafupifupi 100,000. Mu 1998 anali 440,000, ndipo kalembera wa 2008 anaonetsa kuti Lilongwe yaposa Blantyre. Agogo amene anabadwira ku Bwaila mu 1966 aona ndi maso awo mzinda wawo ukukula kuwirikiza ka 50. Salima ya lero ndi yaikulu kuposa Lilongwe ya nthawi imeneyo. Ngakhale Mponela, kuno kumene ndimakhala, ikuposa Lilongwe ya 1966.

Komatu Lilongwe inali ndi mwayi umene matauni enawa alibe. Inajambulidwa papepala isanamangidwe, ndipo panali bungwe la Capital City Development Corporation loyang'anira ntchitoyo. Ma Area anapatsidwa manambala, misewu inalambulidwa, malo a mafakitale anapatulidwa ku Kanengo. Ngakhale zinali choncho, anthu anabwera ambiri kuposa mapuloti amene anakonzedwa. Wogwira ntchito ku Kanengo anapeza pogona ku Mgona. Mlonda ndi wantchito wa m'nyumba za ku Area 47 anakamanga ku Mtandire, wa ku Area 12 anakamanga ku Kauma. Lero kuti mulowetse msewu kapena paipi ya madzi m'madera amenewa, muyenera kugwetsa nyumba za anthu ndi kuwalipira chipukuta misozi, ndipo ntchito imene ikanakhala yotsika mtengo pachiyambi imafuna ndalama zankhaninkhani. Ku Blantyre mtengo wake tinauona mu Malichi 2023, pamene namondwe wa Freddy anagumula matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche n'kukwirira mabanja ku Chilobwe. Anthu amenewa sanamange m'mbali mwa phiri chifukwa chokonda. Malo abwino otsika mtengo kunalibe.

Tsono bwerani kuno ku Mponela muone zomwezo zikuyamba. Munda umene dzana unali wa fodya, lero mwini wake akuugawa mapuloti, akuyeza ndi mapazi, amfumu akuchitira umboni. Wogula aliyense amamanga mpaka m'malire, ndipo mpanda wa uyu umakumana ndi wa uyo. Njira yotsala pakati ndi yongokwana njinga ya kabaza. Mayi akadwala usiku amamunyamula pamanja mpaka kumsewu, chifukwa galimoto singalowe. Kuseri kwa nyumba ina kuli chimbudzi chokumba, ndipo mapazi ochepa kuchoka pamenepo pali chitsime cha mnansi, chimene ana amatungapo madzi akumwa. Mvula ikagwa madzi alibe ngalande yotsata, amangolowa m'makomo. Tinataya anthu oposa 1,700 ndi kolera wa 2022 ndi 2023, koma tikupitirizabe kumanga motere.

Sindikuloza chala mafumu kapena ogula malo. Munthu wopeza kandalama pogulitsa soya akufuna pokhala pafupi ndi msika, magetsi ndi sukulu, ndipo palibe cholakwika pamenepo. Funso langa ndi lakuti, ndani ali ndi udindo wouza anthu kuti apa padzadutsa msewu, apa tisiyire sukulu, apa ndi manda, apo ndi kotaya zinyalala? Mponela ili ndi anthu oposa 20,000, ochuluka kuposa a pa boma la Dowa, koma zonse zimayendetsedwa ndi khonsolo ya boma, imene ikuyang'aniranso midzi ya m'boma lonse. Salima, Balaka, Liwonde ndi Dedza kale anali ndi makhonsolo awoawo a tauni, koma anawaphatikiza ku makhonsolo a maboma. Luchenza, imene anthu ake safika 15,000, ili ndi khonsolo yakeyake, ndipo sindikuichitira nsanje. Ndikungodabwa kuti matauni a anthu ochuluka kuposa pamenepo kawiri ndi kupitirira alibe ofesi imene ntchito yake ndi tauniyo basi. Ndalama za msika zimatoleredwa tsiku ndi tsiku, matikiti amadulidwa, koma wogulitsa tomato sadziwa kuti akadandaule kwa yani mulu wa zinyalala ukafika pabenchi pake.

Boma lachitapo kanthu, ndipo m'pofunika kuvomereza. Masomphenya a Malawi 2063 anaika kukula kwa mizinda ngati imodzi mwa nsanamira zake zitatu, ndipo panasankhidwa malo asanu ndi atatu oti akhale mizinda yachiwiri: Karonga, Nkhata Bay, Kasungu, Salima ndi Chipoka, Mangochi ndi Monkey Bay, Liwonde, Luchenza komanso Bangula. Kusankhako n'kwanzeru. Liwonde ili ndi njanji yopita ku Nacala, mtsinje wa Shire ndi msewu waukulu. Chipoka ili ndi doko panyanja ndi njanji. Karonga ili pakhomo la malonda ndi Tanzania. Nkhawa yanga ndi yakuti pamene tikudikira ndalama zomangira mafakitale ndi madoko, malo amene zinthuzo zidzamangidwepo akugulitsidwa lero, puloti ndi puloti. Komanso anthu sakudikira mndandanda wa boma. Akumanga ku Lunzu, ku Jenda, ku Dwangwa, ku Nchalo, ku Ntcheu, ku Mchinji, kulikonse kumene kuli msewu wa phula ndi malonda.

M'mera m'poyamba. Chimene ndikupempha si mabiliyoni. Khonsolo iliyonse itumize oyeza malo kumatauni ake, akhale pansi ndi mafumu ndi eni minda, akhome zikhomo zosonyeza modzadutsa misewu, ngakhale misewuyo ikhale yafumbi kwa zaka khumi. Apatule malo a sukulu, chipatala, msika ndi depoti, eni ake alipidwe moyenera malo akadali otsika mtengo. Mapu ake apachikidwe pamsika kuti wogula puloti aone yekha ngati akugula pakati pa msewu. Tauni iliyonse yodutsa chiwerengero chimene aphungu angagwirizane ipatsidwe komiti kapena khonsolo yake, ndipo gawo la ndalama za msika lizitsala pomwepo.

Kalembera wathu wakhala akuchitika zaka khumi zilizonse, mu 1998, 2008 ndi 2018, choncho wotsatira tikumuyembekeza mu 2028. Ndikupempha a kalembera kuti ulendo uno malo alionse ochitira malonda amene akula awerengedwe paokha, malire ake aunikidwenso, chifukwa ambiri amene timawalemba kuti ndi akumudzi akukhala moyo wa m'tauni, akulipira lendi ndi kugula madzi pa ndowa. Zotsatira zake zitulukenso m'Chichewa, m'Chitumbuka ndi m'Chiyao, ziwerengedwe pawailesi, kuti khansala wa ku Liwonde akamapempha ngalande ku khonsolo azitchula chiwerengero cha anthu amene akuwaimira.

Ine wanu,
Mphunzitsi wopuma pantchito,
Mponela, Dowa