Lipoti la ulendo wa ku Tete: za chuku mu mtedza wathu

A tcheyamani ndi mamembala nonse a kalabu yathu kuno ku Ulónguè, ndabwerako ku maphunziro a alimi ku Tete kumene munandituma. Za kutentha kwa ku Tete sindinena. Ife a ku Angónia tinkangodzikupiza ndi makope. Tsiku loyamba linathera pa mitengo ya mbewu, ndipo panalibe chachilendo.

Tsiku lachiwiri mphunzitsi anayamba ndi nkhukundembo. Mu 1960 ku England zinafa pafupifupi 100,000 zitadya chakudya chokhala ndi mtedza wochokera ku Brazil. Chinazipha ndi aflatoxin, poizoni amene chuku chimasiya mu mbewu. Wasayansi wa ku America, Gerald Wogan wa ku yunivesite ya MIT, anaigwira nkhaniyi ali mnyamata n'kukalamba nayo. Anamwalira mu 2021. Iye ndi anzake anazindikira kapangidwe ka poizoniyu mu 1963, kenako anaonetsa kuti ngakhale wochepetsetsa amadwalitsa makoswe khansa ya chiwindi. Makoswe si anthu, choncho anakayezanso zakudya za m'misika ya ku Thailand. Pambuyo pake kafukufuku wa mumzinda wa Shanghai ku China anapeza kuti munthu amene ali ndi matenda a chiwindi otchedwa hepatitis B, akamadyanso poizoniyu, chiopsezo chake cha khansa chimakula pafupifupi ka 60. Dziko lathu la Mozambique lilinso m'nkhaniyi: m'zaka za m'ma 1970 ofufuza anapeza khansa ya chiwindi yochuluka ku Inhambane, ndipo zakudya za kumeneko zinali ndi aflatoxin wambiri.

Koma chinandigwira mtima ndi lichero. Anatipatsa mtedza kuti tisankhe. Manja a alimi, posakhalitsa wabwino uli uku, wofota ndi wakuda uli uko. Mphunzitsi analoza kamulu koipako: "Uwu kwanu umapita kuti?" Tonse zii. Mayi wina wa ku Tsangano anayankha motsitsa mawu kuti, "Timasinja nsinjiro." Inenso ndinakumbukira nkhwani wotendera wa kunyumba kwanga. Wabwino timapatsa ogula, wotsala timadyetsa ana, chonsecho kukazinga kapena kuphika sikuchotsa poizoniyu. Ngakhale nkhuku ndi nkhumba sizoyenera kupatsidwa.

Anatiletsanso kuwaza madzi pa mtedza kuti usendeke msanga, kuyanika padothi, ndi kuunjika matumba pansi popanda kuyalapo kaye mitengo. Chimanga chowola nachonso n'chimodzimodzi.

Ndikupempha kuti Loweruka aliyense abwere ndi lichero ndi mbale imodzi ya mtedza wa m'nyumba, osati wogulitsa. Malisiti a ulendo ndasiya kwa msungichuma.