Ana amasiye asamachedwe kutsutsa chikalata cha malo cholembedwa molakwika

Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa vuto lomwe likudanitsa abale a mimba imodzi kholo likamwalira, lomwe ndi chikalata cha umwini wa malo cholembedwa molakwika m'kaundula wa boma. Zinatigwera ifeyo. Bambo athu anasiyira nyumba ana onse asanu, koma titakafufuza ku ofesi yoona za malo tinapeza kuti ili m'dzina la mkulu wathu yekha, ndipo pepala losinthira umwini likuonetsa kuti bambo analisaina patatha miyezi iwiri chiwaikireni m'manda.

Anthu ambiri sadziwa mphamvu ya kaundula ameneyu. Maiko ambiri amatsatira njira yomwe Robert Torrens anayambitsa ku South Australia mu 1858, yakuti amene dzina lake lili m'kaundula ndiye mwini malo pamaso pa lamulo. Njirayi imateteza wogula, koma kwa ana amasiye ndi yowawa, chifukwa m'bale wachinyengo akagulitsa nyumba kwa munthu amene walipira moona mtima osadziwa za chinyengocho, nthawi zambiri khoti silimulanda wogulayo, ndipo otsala amangothamangitsa ndalama kwa m'bale amene mwina wadya kale zonse.

Ife tinataya chaka chathunthu tikukambirana m'banja, poopa kuti anthu atinena kuti tikulimbirana chuma bambo asanaiwalike. Manyazi amenewo akanatimanitsa nyumba. Chimene chinatipulumutsa ndi chiletso chomwe loya anatilangiza kuti tikaike m'kaundula, choti nyumbayo isagulitsidwe kapena kuikidwa chikole kubanki mlandu usanathe. Kenako tinatenga makope a mapepala onse a m'fayilo, n'kuyerekeza masiku ake ndi tsiku lomwe lili pa chiphaso cha imfa, komanso siginecha yapamenepo ndi ya m'makalata akale a bambo.

Tisiyanitsenso zinthu ziwiri. Pali kulakwitsa kwa mlembi, monga kuphonya dzina kapena nambala ya puloti, komwe woyang'anira kaundula amatha kukonza yekha ngati okhudzidwa onse avomereza. Koma pakakhala chinyengo ndi khoti lomwe limalamula kuti dzina lifafanizidwe, ndipo lamulo limaika malire a nthawi yokasumira, choncho kudikira kuti m'baleyo asinthe mtima n'kudzipweteka.

Pempho langa kwa akuluakulu oona za malo ndi lakuti asamasinthe umwini wa malo a munthu womwalira asanaone chiphaso cha imfa ndi kalata ya khoti yopatsa munthu mphamvu zoyendetsa chuma chamasiye, komanso kuti ana onse azidziwitsidwa dzina lisanasinthidwe. Mlembi mmodzi akanangoyerekeza tsiku losainira pepala lija ndi tsiku la imfa ya bambo, ine ndi mkulu wanga sitikanakhala tikuonana kukhoti kokha lero.

Ine wowerenga wanu wodandaula