Njanji zathu zikhale ndi muyezo umodzi

Akonzi,

Sindikugwirizana ndi omwe akuti Malawi atengere Tanzania pomanga njanji ya mamilimita 1,435 m'lifupi. Tikufunika muyezo umodzi wa zipangizo za sitima m'maiko a SADC.

Njanji ya kuno, ya ku Mozambique, Zambia, Zimbabwe ndi South Africa ndi ya mamilimita 1,067. N'chifukwa chake malasha amachoka ku Moatize m'dziko la Mozambique kudutsa kwathu mpaka ku doko la Nacala osatsitsidwa panjira. Ndinagwirapo ntchito yokonza mabogi, ndipo chomwe chinkatisautsa ndi masipeya: bogi ili mabuleki akeake, linalo zolumikizira zina, kachitsulo kamodzi n'kumadikira miyezi kuchokera kutsidya kwa nyanja. Ndi fakitale iti ingalimbe popanga chinthu chogulidwa ndi dziko limodzi lokha? Ngakhale South Africa inaona zakuda mu 2015, mitu ya sitima ya Afro 4000 itapezeka kuti ndi yaitali m'mwamba mopitirira muyezo wa njanji za dzikolo.

Malawi Bureau of Standards ikhale pansi ndi mabungwe anzake a m'chigawo chino, agwirizane za mawilo, mabuleki ndi zolumikizira. Boma lipatsenso yunivesite ya MUBAS ndalama zofufuzira masipeya omwe amisiri athu angathe kusula konkuno.

Mmisiri wopuma,
Limbe