Wopepuka thupi asagule bolodi ya windsurfing potengera miyeso ya anzake

Akonzi,

Ndiloleni malo m'nyuzipepala yanu kuti ndinenepo za masewera a windsurfing, omwe munthu amaima pa bolodi atagwira thanga kuti mphepo imuyendetse pamadzi. Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti malangizo ambiri osankhira bolodi ya mphepo yamphamvu amachokera kwa amuna a makilogalamu 80 kapena 90, ndipo amayi, achinyamata ndi amuna ochepa thupi amangowatsatira ngati kuti miyesoyo inakonzedwera iwo.

Ine ndili ndi makilogalamu 58. Kwa nthawi yaitali ndinkagwiritsa ntchito bolodi ya malita 105 (kukula kwa bolodi kumayezedwa m'malita) imene mnzanga wina wamkulu thupi ankaitama kuti ndi yaing'ono. Tsiku lina mphepo itafika pa ma knot 30, omwe ndi pafupifupi makilomita 55 pa ola, bolodiyo inkamenya funde lililonse n'kudumpha, mphepo inkalowa pansi pa mutu wake n'kuinyamula, ndipo ndinatuluka m'madzi akakolo akuwawa, manja akunjenjemera. Ndinkadziimba mlandu kuti luso langa n'lochepa, kufikira pamene ndinabwereka bolodi ya malita 72 n'kuona ikukhazikika pansi pa mapazi anga pa mphepo ngati yomweyo.

Chifukwa chake si chovuta kumvetsa. Lita imodzi ya kukula kwa bolodi imayandamitsa pafupifupi kilogalamu imodzi, ndipo m'madzi a mchere imaposerapo pang'ono. Munthu akaphatikiza kulemera kwa thupi lake, kwa bolodi yeniyeniyo, kwa thanga ndi mlongoti, komanso kwa zovala zonyowa, amapeza kuti makilogalamu pafupifupi 15 kapena 20 awonjezeka. Choncho bolodi ya malita 85 imamira pansi pa munthu wa makilogalamu 85 mphepo ikaleka, pomwe kwa ine imayandama bwinobwino. Malita otsalawo amathandiza mphepo ikakhala yochepa, koma ikakula amasanduka katundu amene thupi lopepuka silingathe kumukanikizira pamadzi. Tisaiwalenso kuti liwiro la mphepo likawirikiza kawiri, mphamvu yake pa thanga imawirikiza kanayi, ndipo munthu wochepa thupi alibe kulemera kokwanira koti alimbane nayo. N'chifukwa chake ndimalangiza kuti amene ali ndi luso kale awonjezere malita 10 kapena 15 okha pa makilogalamu a thupi lake.

Komabe malita pawokha samaliza nkhani. M'lifupi mwa bolodi ndimo mumaonekera kwambiri kusiyana, pakuti bolodi yotambalala kupitirira masentimita 60 imafuna miyendo yamphamvu kuti m'mphepete mwake mulowe m'madzi pokhota, pomwe ya masentimita 54 kapena 56 imamvera ngakhale phazi laling'ono. Chipsepse cha pansi nacho chikatalika chimanyamula bolodi liwiro likakula, mwakuti cha masentimita 20 kapena kucheperapo n'chokwanira. Chimene ogula ambiri sachiyang'ana, ndipo chimandiwawa mtima, ndi malamba olowetsamo mapazi. Pa mabolodi ambiri malambawa amatalikirana molingana ndi miyendo ya munthu wamtali, ndipo ena safupika mokwanira kuti agwire phazi laling'ono. Phazi likalowa mpaka m'kakolo munthu n'kugwa, akhoza kuvulala kwambiri. Wogula aime pa bolodiyo asanaitenge, alowetse mapazi, aone ngati zala zokha ndizo zikutulukira kutsogolo kwa lamba.

Pali chenjezo limodzi limene sindingalisiye. Amene sanadziwe waterstart, ndiko kuti kudzuka m'madzi mokokedwa ndi thanga, asathamangire bolodi yaing'ono, chifukwa mphepo ikatsika ali kutali ndi gombe adzafunika kuima pa bolodiyo n'kukoka thanga ndi chingwe, zomwe zimavuta kwambiri pa bolodi yomira. Munthu wotere apirire kaye ndi malita okwanira kumuyandamitsa, ndipo achepetse thanga, litsike pa masikweya mita 4 kapena kucheperapo, pa mlongoti waufupi wofewa umene thupi lake lingathe kuupinda.

Kupepuka thupi si cholepheretsa m'masewerawa. Katswiri wa masewerawa Robby Naish anapambana mpikisano wa dziko lonse lapansi mu 1976 ali mnyamata wa zaka 13 zokha. Pempho langa kwa ogulitsa ndi aphunzitsi n'lakuti, asanatchule bolodi iliyonse, ayambe afunsa munthuyo makilogalamu ake, kutalika kwake, kukula kwa phazi lake, ndiponso ngati amatha waterstart.

Ine wanu,
Wokonda masewera a pamadzi